Tralfamadore ndi phulusa la ku Dresden

M'buku la Kurt Vonnegut la 1969, Slaughterhouse-Five, zolengedwa za ku Tralfamadore zimaona dzulo, lero ndi mawa pakamodzi. Kwa izo, womwalira akadali moyo pa mphindi ina. Billy Pilgrim amatonthozeka nazo zimenezi. Ine ayi ndithu.

Vonnegut anali mkaidi wa nkhondo ku Dresden mu Febuluwale 1945. Mabomba akugwa, iye anabisala m'chipinda chapansi pa nyumba yophera nyama, kenako anamutuma kukafukula mitembo. Zenizeni ndi zimenezo, poti zili ndi tsiku lake. Tralfamadore alibe tsiku, ndipotu Billy akuyamba kulalikira za kumeneko atavulala m'mutu pa ngozi ya ndege. Inu mukuganiza kuti wolembayu anaikamo ngoziyo mwangozi?