Usiku wa ku Daxing: Kuunika Filimu Yotchedwa Web Junkie

Filimu yotchedwa Web Junkie idapangidwa ndi amai aŵiri a ku Israel, Shosh Shlam ndi Hilla Medalia, ndipo idaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America m'chaka cha 2014. Si nthano yopeka ayi. Amaiŵa adaloledwa kuloŵa ndi makina ao ojambulira m'chipatala china cha ku Daxing, kumwera kwa mzinda wa Beijing, kumene anyamata ankatsekeredwa miyezi itatu kapena kupitirira chifukwa chomangidwa ukapolo ndi maseŵera a pa kompyuta. Mkulu wa chipatalacho, Tao Ran, anali dokotala wa matenda a maganizo wa m'gulu lankhondo, ndipo malowo ankaoneka ngati kampu ya asilikali: zitsulo m'mazenera, zovala zamaŵangamaŵanga, kuguba m'mamaŵa.

Mphamvu ya filimuyi ili pa kudekha kwake. Ojambulawo sakutilalikira, angotisiya timve anyamatawo akulankhula okha. Ena adanamizidwa ndi makolo ao kuti akupita kokasangalala. Ena adapatsidwa mankhwala nkudzidzimukira ali kale m'chipatalamo. Tsiku lina ena mwa iwo adathaŵa, ndipo atafunidwa adapezeka m'nyumba yoseŵereramo intaneti. Woonera amayamba waseka, kenaka chisoni nkumugwira, pakuti munthu wothaŵa ndende amalunjika kwao, ndipo kwao kwa anaŵa kunali kumeneko. Ambiri adabadwa okha m'banja, pa nthaŵi imene boma la China linkalola mwana mmodzi yekha, lamulo limene lidathetsedwa kumapeto kwa 2015. Chiyembekezo chonse cha makolo ndi agogo chidaunjikana pa mwana mmodziyo ndi pa mayeso ake a kusukulu. Filimuyi yaona bwino kuti kuseri kwa kompyuta kuli mwana wosungulumwa, ndipo pamenepa tiyenera kuiyamikira.

Koma pali chinthu chimodzi chimene yangochikhudza nkupitirira, ndicho tulo. Timamva za anyamata ochezera usiku wonse akuseŵera World of Warcraft, ena mpaka kuvala theŵera kuti asadzuke pa mpando. Dokotala Tao Ran akuyerekeza maseŵeraŵa ndi heroin, mankhwala ozunguza bongo aja. Zonsezi zikuperekedwa kuti tidzidzimuke, ngati umboni wakuti matenda akula. Funso lakuti kusagonako kumamchita chiyani mwana silikufunsidwa mokwanira, ndipo ine ndikuganiza kuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Tione m'mene zimayendera. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 kapena 10, ndipo pa msinkhu umenewu thupi lenilenilo limachedwa kuitana tulo. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, timadzi timene timauza thupi kuti nthaŵi yopuma yakwana. Kuŵala kwa kompyuta kapena foni kumachedwetsa timadzito. Kuŵalako nkochepa poyerekeza ndi kapangidwe ka maseŵerawo. Bawo imatha, mpira umatha. Koma World of Warcraft, imene kampani ya Blizzard idatulutsa mu 2004, idamangidwa kuti isakhale ndi mapeto. Mphotho zake zimabwera mosayembekezeka monga za juga, ndipo woseŵera amakhala m'gulu la anzake omudalira pa nkhondo za m'maseŵeramo, kotero kuti kupita kokagona kumakhala ngati kuthaŵa anzako nkhondo ili m'kati. Mtima ukugunda, maganizo ali tcheru: ngakhale atazimitsa makinawo, tulo sitibwera msanga. M'maŵa mwake mwana uja ndi wokwiyakwiya, woiŵalaiŵala, wolephera m'kalasi. Madokotala adaona kale kuti kusoŵa tulo nthaŵi yaitali kumatsekulira njira nkhaŵa ndi matenda a kukhumudwa, ndiponso kuti mbali ya ubongo yothandiza munthu kudziletsa imafooka munthu akapanda kugona. Tsono mwana wolephera masana amabwerera usiku kumalo kumodzi kokha kumene amapambana. Ena adayamba ndi nkhaŵa, nkumaseŵera poti tulo tidaŵathaŵa. Ena adayamba ndi maseŵera, nkhaŵa nkubwera pambuyo. Zikafika pakatikati, palibe angaloze kuti mutu ndi uwu, mchira ndi uwu.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, lidavomereza mu 2019 kuti vutoli liŵerengedwe pakati pa matenda, ndipo mndandanda watsopanowo udayamba kugwira ntchito mu 2022. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika maseŵera patsogolo pa zina zonse, ndi kupitirizabe ngakhale zoipa zikuonekeratu, kaŵirikaŵiri kwa miyezi 12. Nkofunika kukumbukira kuti mwa oseŵera onse, odwala motere ndi ochepa. Maboma nawo adazindikira kuti nkhondoyi imamenyedwa usiku. Ku South Korea, lamulo la 2011 lidaletsa ana osakwana zaka 16 kuseŵera pa intaneti kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'maŵa. Lidathetsedwa patapita zaka khumi, ana atasamukira pa mafoni amene lamulolo silinkaŵakhudza. China idaletsa ana kuseŵera usiku mu 2019, ndipo mu 2021 idangoŵasiyira ola limodzi Lachisanu, Loŵeruka, Lamulungu ndi pa masiku a tchuthi. Boma lingathe kuzimitsa makina, koma kugonetsa mwana amene akuopa za maŵa silingathe.

Ife a mu Eklezia tili ndi chuma chakale pa nkhaniyi, ngakhale sitichitchula kaŵirikaŵiri. Thomas Aquinas Woyera, pofunsa za mankhwala a chisoni m'buku lake la Summa Theologiae, adatchula chikondwero, misozi, chifundo cha abwenzi ndi kusinkhasinkha za choonadi. Kenaka, mosachita manyazi, adaonjeza tulo ndi kusamba. Maganizo ake ngakuti chisoni chimasokoneza kayendedwe ka thupi, ndipo chilichonse chobwezera thupi m'malo mwake chimapepuzanso mtima. Mphunzitsi yemweyo sadadane ndi maseŵera. Adaphunzitsa kuti mzimu umatopa monga thupi ndipo umapumula poseŵera, nakumbutsa nkhani imene John Cassian adalemba ya Yohane Mlaliki ndi uta umene umathyoka ukakhala chikokere. Kwa iye kuseŵera kopitirira muyeso ndi tchimo, komanso kusaseŵera konse ndi chilema. Poyesa ndi muyeso umenewu, cholakwika cha ana a ku Daxing sichinali kuseŵera ayi. Seŵero lao lidaleka kukhala mpumulo, lidasanduka ntchito ya usiku yolanda ngakhale mpumulo weniweni umene Mlengi adaika m'thupi.

Izi zikukhudza wansembe m'kanyumba kolapira. Mafoni afika kale m'manja mwa achinyamata a m'maparishi mwathu, ndipo mnyamata adzabwera kudzaulula ulesi, kukalipira makolo, kujomba Misa ndi kutaya mtima. Nkwapafupi kumdzudzula kuti alimbe mtima, kapena kuthamangira kunena za ziŵanda. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 1735, amaphunzitsa kuti mlandu wa munthu ungachepe chifukwa cha chizoloŵezi, mantha ndi zovuta za m'maganizo. Munthu amene sadagone bwino miyezi isanu ndi umodzi ufulu wake ndi wovulala, ndipo bambo wauzimu wanzeru adzayamba wamufunsa kuti amagona nthaŵi yanji, ndi chimene amaopa nyale ikazima. Akamva za kufuna kudzipha kapena za chisoni chosatha, amperekeze kwa a chipatala, osangoti akapemphere.

Mwina wina adzati: nanga Tao Ran walakwa pati, popeza ifenso m'seminale timadzuka ndi belu nkugona ndi belu? Funsoli nloyenera, ndipo filimuyi imatipatsa manyazi pang'ono pamenepa. Malamulo a Benedict Woyera amalamula kukhala chete pambuyo pa Completorium, pemphero lotsiriza la tsiku. Koma belulo lisanalire pamakhala kuunika mtima, kupepesa, masalimo a chikhulupiriro ndi nyimbo ya Simeoni wokalamba uja: mwambo wonse wophunzitsa munthu kutula tsiku m'manja mwa Wina, ngakhale ntchito isanathe. Ku Daxing kunali belu ndi loko. Mwana ankagonekedwa pa nthaŵi yake, koma akatuluka ankabwerera ku nyumba yomwe ija, ku mayeso omwe aja. Ndipo tisadzinamize: wophunzira unsembe amene agona chifukwa choopa Bambo Rekitala yekha, akadzakhala yekha pa parishi ya kutali, foni ili m'manja, adzafanana ndi anyamata othaŵa aja.

Zigawo zabwino koposa za filimuyi ndi zimene makolo akukhala pamodzi ndi ana ao pamaso pa aphungu a chipatalacho. Bambo amalankhula za ndalama zimene adataya ndi za sukulu. Mwana amayang'ana pansi kapena kukalipa. Apa ojambulawo adapirira, osadula chithunzi msanga, ndipo timaona kuti aŵiriŵa akhala nyumba imodzi zaka zambiri, wina akugona pamene mnzake ali maso. Filimuyi imatha isanatiuze ngati anyamatawo adachira. Ena aidandaula pa chifukwa chimenechi, koma ine ndikuona kuti ojambulawo adachita chilungamo, pakuti miyezi itatu ya kuguba siingayankhe funso lotere. Chimene ndikadakonda nchakuti akadatsatira mnyamata mmodzi mpaka kwao, nkutionetsa usiku wake woyamba m'chipinda chake.