Magazi ndi maluwa: kuunika luso la Imran Qureshi ndi Aisha Khalid

Mphunzitsi aliyense wa madrasa adakumanapo ndi mwana amene, m'malo molemba alifu ndi baa, wadzaza m'mphepete mwa kope lake ndi maluwa, mbalame ndi nkhope za anzake. Ambiri a ife timangolanda kopelo ndi kunena kuti "haraam", nkhani n'kuthera pomwepo. Koma luso silichoka m'dzanja la mwana chifukwa cha kukalipiridwa. Funso limene timalizemba ndi lakuti: Msilamu amene Allah adamninkha luso lojambula alowere nalo kuti? Pofuna yankho, tiyeni tiunike ntchito za banja lina la ku Lahore m'dziko la Pakistan, bambo Imran Qureshi ndi mayi Aisha Khalid.

Onse awiri adabadwa m'chaka cha 1972, bamboyo ku Hyderabad ndipo mayiyo ku Faisalabad. Adaphunzira pa National College of Arts ku Lahore, kumene adasulidwa pa luso lakale lojambula tizithunzi ting'onoting'ono, limene lidakula kwambiri m'nyumba za mafumu a Mughal, makamaka m'nthawi ya Akbar yemwe adalamulira kuyambira 1556 mpaka 1605. Luso limeneli ndi la anthu odekha. Wophunzira amakhala pansi, amamata mapepala angapo kuti apange pepala lolimba lotchedwa wasli, amalikwecha mpaka lisalale, ndipo amajambula ndi kabulashi ka ubweya wa kumchira kwa gologolo. Chithunzi chosaposa tsamba la buku chimatha kudya masabata ambiri. Amene adakhalapo pamphasa akuloweza Qur'an yolemekezeka mobwerezabwereza sangadabwe ndi mwambo wotere.

Ngakhale adamwa pachitsime chimodzi, awiriwa sajambula mofanana. Qureshi adamveka padziko lonse m'chaka cha 2011 pachionetsero chachikulu cha ku Sharjah, pamene adathira utoto wofiira pabwalo la nyumba ina yakale. Woona ali patali amayesa kuti paphedwa anthu. Akayandikira amapeza kuti m'kati mwa zooneka ngati magazizo mwajambulidwa timasamba ndi timaluwa tambirimbiri, kamodzikamodzi, ndi dzanja. Ntchitoyi idabadwa m'masiku amene mabomba ankaphulika m'misika ndi m'malo opembedzera ku Lahore, ndipo idampatsa mphotho pachionetserocho. Mu 2013 Deutsche Bank idamsankha kukhala mmisiri wa chaka, ndipo chaka chomwecho adajambula zofananazo padenga la Metropolitan Museum of Art ku New York, patangopita mwezi umodzi chiphulikireni mabomba pampikisano wothamanga ku Boston.

Mphamvu ya ntchitoyi ndi yosakanika. Imatikumbutsa kuti Allah amatulutsa chamoyo m'chakufa, ndi kuti Msilamu saloledwa kutaya mtima pa chifundo cha Mbuye wake. Komabe ndili ndi dandaulo. Chimene chidali kulira kwa munthu woferedwa ku Sharjah chidayamba kubwerezedwa mumzinda ndi mumzinda, mpaka utoto wofiirawo udasanduka chizindikiro cha mwini wake. Maliro akalirika kawirikawiri pamaso pa alendo, misozi imayamba kuoneka ngati ya malonda. Ndiponso tiyenera kudzifunsa chifukwa chimene nyumba zazikulu za zaluso za ku Ulaya ndi ku America zimafulumira kutsegulira khomo Msilamu akabwera ndi magazi, kuposa akabwera ndi nkhani ina iliyonse ya moyo wake. Mlandu umenewu si wa Qureshi yekha, koma mmisiri wanzeru amazindikira pamene msika wayamba kumuuza chojambula.

Aisha Khalid sadatchuke kufika pamene adafika mwamuna wake, koma m'kuona kwanga ntchito zake ndi zozama kuposa. Iye amajambula makatani, nsalu, burqa ndi mizere yolukanalukana ngati imene timaiona m'makoma a mizikiti. Ataphunzira ku Rijksakademie mumzinda wa Amsterdam kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, adayamba kufunsa ngati mkazi wosavala wa pazikwangwani za malonda ali mfulu kuposa mkazi wodzifunditsa. Sayankha mokuwa, amangoika zinthu ziwirizo pafupi kuti woona adziyankhe yekha. Ntchito yake yotchedwa Kashmiri Shawl ndi nsalu imene adaibaya ndi mapini ambirimbiri okutidwa ndi golide. Kumaso kwake mitu ya mapiniyo imapanga maluwa okongola, koma kuseri kuli nsonga zakuthwa zokhazokha. Dziko limagula nsalu za ku Kashmir mosangalala, osalabadira kuti dera limenelo lakhala likulimbiranidwa ndi India ndi Pakistan kuyambira 1947. Palibe dontho la magazi pansaluyo, koma aliyense woiona amamva kubaya pakhungu lake.

Imene imandikhudza koposa ndi Name, Class, Subject, buku looneka ngati kope wamba la kusukulu, koma mzere uliwonse wa m'menemo adaujambula ndi dzanja. Mbali ina ili ndi mizere ya Chingerezi, ina ya Chiurdu chimene chimalembedwa kuchokera kumanja, ndipo pakati mizereyo imasokonezana. Bukuli ndi Kashmiri Shawl zidamfikitsa pa mpikisano wa Jameel Prize wa 2011 ku London, kumene anthu odzaona adamsankha iye. Mwana wa ku Mangochi kapena ku Machinga amene mmawa amalemba kuchokera kumanzere ku pulayimale, ndipo masana amalemba kuchokera kumanja ku madrasa, angalimvetse bukuli popanda womasulira. Amadziwanso kuti ndi kope liti limene dziko limalilemekeza pofuna ntchito.

Tsopano tifike pa lamulo, pakuti sitingalilumphe. Ma hadith a mu Bukhari ndi Muslim akuchenjeza mwamphamvu ojambula zinthu zokhala ndi mzimu. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) adanyansidwa ndi katani ya zithunzi m'nyumba ya mayi wathu Aisha (Radhiya Allahu anha), ndipo iwo adaidula n'kusokamo mapilo. Ibn Abbas adalangiza munthu wina amene ankadyera ntchito yojambula kuti azijambula mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Ma ulama ambiri amaletsa chithunzi chathunthu cha munthu, ngakhale a Maliki adapeputsa pa zithunzi zapapepala zopanda mthunzi. Pamuyeso umenewu, tizithunzi ta Qureshi totchedwa Moderate Enlightenment, toonetsa Asilamu a ndevu akuchita zinthu wamba za tsiku ndi tsiku, tili pamalo a mkangano, ngakhale cholinga chake chidali chabwino, chotsutsa amene amaona chigawenga mwa Msilamu aliyense wopemphera. Koma taonani chodabwitsa: ntchito zimene zidakweza banjali, masamba a ku Sharjah, nsalu ya mapini ndi kope lija, zonse zilibe nkhope ya munthu. Malangizo a Ibn Abbas sadatseke khomo la luso.

Chomaliza ndi phunziro la banja lenilenilo. Nthawi zambiri mwamuna akatchuka, luso la mkazi limafera kukhitchini, kapena mkaziyo amangosanduka mthunzi wake. Aisha Khalid adasunga dzina lake, njira yake ndi mawu ake, ndipo awiriwa akhala akuonetsa ntchito zawo pamodzi popanda wina kumeza mnzake. Tili ndi alongo athu ambiri odziwa kupeta zisoti, kujambula hina ndi kulemba Chiarabu mokongola, amene luso lawo limatha tsiku la nikah. Tisanalandenso kope la mwana, kapena singano ya mkazi wathu, tiyambe tamuonetsa mbali imene Shariya idasiya yotsegula, pakuti ndi yotakasuka kuposa mmene timaphunzitsira. Allah ndiye wodziwa koposa.