Liwu Loti "Siteji" pa Mpikisano wa Njinga

Olemba nkhani za masewero ena amagwiritsa ntchito liwu loti "siteji" pofotokoza mipikisano ya njinga ya masiku ambiri, monga wa Tour de France umene udayamba mu 1903 ndipo umakhala ndi zigawo 21. Kubwereka kumeneku n'kosokoneza, pakuti m'Chichewa liwuli lidakhazikika kale ndi tanthauzo la malo okwerera basi. Mpikisano wotere utachitika pa msewu wa M1 m'boma la Mzimba, munthu womva kuti uje "wapambana siteji ya Jenda" angaganize za pokwerera basi, osati za mtunda umene opalasa ayenda tsiku limenelo.

Liwu loyenera ndi "ndime". Ndime ndi gawo la munda limene munthu amapatsidwa kuti alime, ndipo woyamba kutsiriza ndime sanatsirize munda. Pa mpikisanowunso katswiri ndi amene nthawi yake ya ndime zonse, ikaphatikizidwa, yachepa koposa, ngakhale atapanda kupambana ndime ndi imodzi yomwe, monga zidachitikira ndi Chris Froome mu 2017. Choncho akonzi ndi aphunzitsi azilemba kuti "ndime ya Jenda".