Zithunzi zimene eni ake sanabwele kudzatenga

Mu 2018, m'kacipinda ka kudenga ka Fine Art Studios ku Lusaka munapezeka mulu wa zithunzi zakale. Anthu anajambulitsa, koma sanabwelenso kudzatenga. Sana Ginwalla anazisonkhanitsa n'kuzicha Zambia Belonging. Kwa ine, iyi ndi imodzi mwa nchito zofunika kwambili pa mbili ya dziko lathu, ngakhale kuti mulibe nkhope za m'mabuku a kusukulu.

Mphamvu yake ili pa amene analamula kamela. Pa zithunzi zambili za nthawi ya atsamunda, munthu wakuda ni wonyamula katundu, msilikali kapena "mtundu" woonetsa alendo. Mu situdiyo zinali zosiyana. Munthu analipila yekha, anasankha yekha suti kapena citenge, n'kuima mmene anafunila kuti abale kumudzi amuone. Jekete kaya inali yobweleka, cithunzi sicinanamize: cinaonetsa munthu amene iye anafuna kukhala. A Alick Phiri, amene anaphunzila nchito pa situdiyo yomweyo n'kutsegula Kwacha Photo Studio ku Kanyama mu 1983, anatengela mzimu umenewu m'miseu ndi m'makomboni. Buku la zithunzi zao ni Lusaka Street.

Koma pali cimene cimandivuta. Cithunzi cosatengedwa kambili cimakhala copanda dzina. Timatamanda nsapato ndi kapesedwe ka tsitsi, koma sitidziwa kuti mayiyo anali ndani, anacokela kuti, cinamulepheletsa kubwela n'ciani. Nkhope ikasowa dzina imasanduka cokongoletsa cipupa. Cina, nchito yotele imafika msanga kwa oyenda m'magalale a ku Lusaka ndi owelenga Cizungu pa Instagram, pamene agogo amene angazindikile nkhopezo ali kutali ndi zonsezo.

Apa m'pamene Chipata iyenela kudzifunsa. Tauni ino inali Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndipo mbili ya Angoni ili ndi nyumba yake ku Nsingo Museum ku Feni. Nanga ya telala wa ku Kapata, ya mayi wogulitsa pa msika, ya ukwati wa ku Mchini kapena ku Nabvutika? Ili m'masutukesi pansi pa bedi, ndipo cinyontho ndi ciswe sizidikila.

Sitifunika nyumba yaikulu. Cipinda cimodzi ca situdiyo yakale cingakwane: katani yake, mpando wake, kamela ya filimu, ndi zithunzi zokhala ndi maina olembedwa m'Cinyanja. Koma ciyambi cili kunyumba kwanu. Tulutsani alubamu, khalani pansi ndi ambuya, funsani kuti uyu ndani, cinali caka citi, anajambula ndani. Lembani kumbuyo ndi pensulo, cifukwa inki imadutsa pepala. Kujambulanso ndi foni kubwele pambuyo. Pepala lingakhale zaka zina 50, koma amene adziwa maina sadzakhala nafe nthawi yonseyo.