Khasu Silinama, Nanga Cholembera?

Nzeru zambiri za ulimi wa fodya zidafika m'midzi ya ku Kasungu kudzera mwa alangizi, m'magazini ya Za Achikumbi, ndiponso pa pologalamu ya Ulimi wa Lero ya pa MBC. Kumeneko tidaphunzira kufesa nazale, kuthira feteleza pa nthawi yake ndi kusankha masamba tisanamange belo. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale m'chaka cha 1990, ambiri adayamba ulimiwu akudalira malangizo omwewa. Pa zimenezi tiyenera kuthokoza.

Komabe mkati mwa maphunziro ameneŵa muli chilema. Olemba ndi oulutsa nkhani za ulimi adaphunzitsidwa bwino kusamala tsamba, koma za munthu wothyola tsambalo adaphunzitsidwa pang'ono. Msika wa Chinkhoma ukatsekulidwa timamva za mitengo ndi za ndalama zakunja zimene dziko lipeze. Nanga ndi kangati tidamva mawu a tenanti amene adachoka ku Mulanje ndi banja lake, nagwira ntchito chaka chathunthu, kenaka nauzidwa kuti ngongole ya chimanga yadya malipiro ake onse? Ndani adachenjeza makolo kuti mwana wothyola fodya wonyowa ndi mame amaloŵedwa ululu wa fodyayo kudzera pakhungu, nayamba chizungulire ndi kusanza? M'chaka cha 2019 dziko la America lidaika chiletso pa fodya wathu chifukwa cha nkhani za kugwiritsa ntchito mokakamiza, makamaka ana. Zidatengera alendo kuti anene mokweza zimene ife tinkaziona tsiku ndi tsiku m'zigafa zathu.

Tsono sukulu zosula alangizi ndi atolankhani, monga Bunda ndi Malawi Institute of Journalism, zidzifunse cholinga chake. Wophunzira aphunzire kumvetsera asanalankhule, pakuti agogo amene alima munda umodzi zaka 40 ali ndi zomuuza. Aphunzire kumasulira m'Chichewa chomveka mgwirizano umene mlimi amasainirana ndi kampani, kuti asadinde chala pa chimene sakuchidziŵa. Aphunzirenso kulimba mtima, chifukwa amene amalipira malonda pa wailesi nthaŵi zina ndi yemweyo amene ayenera kufunsidwa mafunso.

Eklezia sadayambe lero kulingalira zimenezi. Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica, chophunzitsa kuti anthu ali ndi ufulu wolandira nkhani zoona ndi zathunthu. Nkhani yotchula kulemera kwa belo nkubisa misozi ya wolimanga si yathunthu.

Makolofe tili ndi mbali yathu. Mwana wathu akasankha ntchito imeneyi tisamfunse za malipiro okha; timfunsenso kuti adzalankhulira yani. Ndipo m'Miphakati yathu, tikatha kumva Mawu a Mulungu, tipatsenso mpata wolankhula mnzathu wogona m'khumbi la kuseri kwa chigafa. Iyenso ndi chifaniziro cha Mulungu.