"Uphungu" ndi CBT: dzina lolonjeza zina

Pa wailesi ndi m'timapepala ta zaumoyo, chithandizo chilichonse cholankhulana ndi munthu wovutika m'maganizo chimatchedwa "uphungu". Nayo CBT, njira yomwe Aaron Beck adaikhazikitsa ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1960, taiponya m'thumba lomweli. Ine ndikuona kuti dzinali likusocheretsa anthu.

Kwathu kuno phungu ndi munthu wodziwa zambiri amene amalangiza wina, kaya pa chinamwali kaya pa ukwati. Wolangizidwayo amakhala chete, maso pansi, n'kumangovomera. Mawu amatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono.

CBT siyenda choncho. Tinene kuti mayi wina akuti, "Ndine wachabechabe, palibe amandifuna." Wothandizayo sayankha kuti "limbani mtima, mayi". Amafunsa: umboni wake ndi uti? Sabata yathayi adabwera kudzakuonani ndani? Kenako amagwirizana kantchito kokachita kunyumba, monga kulemba ganizo lopweteka likangobwera, kuti adzaliunike limodzi akadzakumananso. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi wodwalayo.

Ndiye taganizirani munthu amene wauzidwa kuti akalandire "uphungu". Akamva mafunso okhaokha, amatuluka akudandaula kuti, "Aaa, amenewa sanandiuze kanthu," osabwereranso. Chonsecho CBT imafuna kukumana kangapo, sabata ndi sabata. Akatswiri a zamaganizo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo anthu ambiri amaopa kuti akangotchula za mutu, anzawo ayamba kuloza ku Zomba. Munthu amene walimba mtima n'kufika pakhomo la chipatala si woti timutaye chifukwa cha dzina.

Anzathu a ku Zimbabwe adaiona msanga nkhaniyi. Mu ntchito ya Friendship Bench, yomwe Dixon Chibanda adayambitsa ku Harare mu 2006, agogo aakazi ophunzitsidwa amathandiza anthu kuthetsa mavuto awo potsata mfundo za CBT. Vutolo amalitchula ndi mawu a Chishona omwe anthu ankanena kale, "kufungisisa", kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Gawo loyamba la chithandizo adalitcha "kuvhura pfungwa", kutsegula maganizo. Taonani kuti onsewa ndi aneni, akunena zochitika, osati udindo wa munthu.

Chichewa nacho sichikusowa zida. Tikati "ali ndi maganizo", sitikunena kuti ali ndi mfundo, koma kuti china chikumudya mumtima. Mawu amodzi agwira ganizo ndi ululu wake, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona chiphunzitso cha Beck. Tilinso ndi kamphatikiri -an-, kamene kamaika anthu awiri pa mphasa imodzi: kukambirana, kuthandizana.

N'chifukwa chake ine ndingasankhe "kuunikirana maganizo". Ndi lalitaliko, inde, ndipo kamwa za anthu mwina zidzalidula. Koma likumuuziratu wodwala kuti kumeneko sakukamvera mwambo, naye akukagwira ntchito.