Utsi Wonunkhira Ngati Chipatso

Kale kholo linkadziwa msanga mwana akayamba kusuta. Fungo la chingambwe linkatsalira m'malaya, ndipo zala ndi mano zinkachitira umboni. Fodya ankadziulula yekha. Masiku ano kwabwera fodya wodziwa kubisala, ndipo nkofunika kuti timudziwe bwino ana athu asanazolowerane naye.

Ndudu yamagetsi, imene achinyamata amaitcha vape, inapangidwa mu 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, amene ankafuna kuleka kusuta. M'menemo mulibe tsamba loyaka: batire imatenthetsa timadzi tokhala ndi nikotini, ndipo munthu amakoka nthunzi yake. Tivomere kuti kwa wamkulu amene ndudu zinamulowerera, nthunzi imeneyi siwononga ngati utsi weniweni. Koma tidzifunse: kodi ndi nkhalamba iti inapempha fodya wonunkhira mango kapena maswiti? Nyambo yotere aikira yani?

Yankho linaoneka ku America. Mu 2015 kunatuluka ndudu yamagetsi yotchedwa JUUL, yaing'ono, yosavuta kuibisa m'dzanja ngakhale m'kalasi. Pofika 2019, mwa ana anayi alionse a ku sekondale m'dzikomo mmodzi ankasuta ndudu zamagetsi. Mu 2022 kampani yopanga JUUL inavomera kulipira madola oposa 438 miliyoni pa mlandu wokopa achinyamata. Nako ku Britain, boma linaletsa ndudu zamagetsi zosuta nkutaya kuyambira pa 1 June 2025.

Shisha nayenso ali ndi bodza lake. Popeza utsi umadzera m'botolo la madzi, achinyamata amati watsukidwa. Zoona zake nzakuti madziwo amangouziziritsa, kuti munthu aukoke kwambiri osatsamwa, pamene makala oyaka pamwamba akuwonjezerapo mpweya woipa. Ndudu imatha m'mphindi zochepa, koma shisha amamukhalira ola lathunthu, nkumapatsirana paipi imodzi kukamwa ndi kukamwa. Nchifukwa chake Tanzania inamuletsa mu 2016, ndipo Rwanda ndi Kenya anatsatira mu 2017. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ubongo wa munthu umapitirira kukhwima kufikira zaka ngati 25, ndipo nikotini akaupeza uli wanthete amaumanga msanga. Mwana amene sanasutepo sapindula kanthu ndi fodya "wocheperako kuipa". Amangogula goli ndi ndalama za sopo ndi makope.

Komabe tisaloze chala amalonda okha. Ife Amalawi pakamwa pamatilemera tikafuna kudzudzula fodya, pakuti ambiri tinaphunzira ndi ndalama za ku okushoni. Koma dziko lathu lomwe mu 2023 linalowa m'pangano la maiko lochepetsa kusuta. Tsamba limene linatilipirira sukulu lisatitseke pakamwa pamene nikotini wake akubwerera kwa ana athu atavala fungo la zipatso.

Makolo okondedwa, mphuno yokha sidzatithandizanso. Tiphunzire maonekedwe a zinthuzi. Tikapeza kachipangizo kachilendo m'chikwama cha mwana, tisathamangire chikoti, pakuti womenyedwa amangophunzira kubisa bwino. Tikhale naye pansi, timufunse anayamba liti ndipo nchiyani chimamukoka, kenaka timuthandize kuleka. Kuwongola mtengo mpoyamba.